ZILEMBO ZA A.M. NDI P.M.: ZINACOKERA KUTI, NDIPO ZINENA CIANI?

Abale athu a ku migodi ndi a m'mafamu, ndi inu nonse amene muli kutali ndi kwanu cifukwa ca nchito:

Lero tifuna kukamba nanu za zilembo zinai zazing'ono zimene muziona masiku onse, ngakhale ambiri sanafunsepo tanthauzo lace. Ziri pa tikiti ya basi, ziri pa cipepala ca mashifiti cimene akhoma pa khomo la ofesi, ziri pa kalata yoitanira munthu ku bwalo la mirandu, ziri pa kapepala ka ku cipatala, ndiponso ziri pa foni imene iri m'thumba mwanu. Zilembozo ndizo a.m. ndi p.m. Nzazing'ono ndithu, koma zasiyitsa anthu ambiri ulendo, ndipo ena zawadyera malipiro a tsiku lathunthu.

Sitinena izi monga anthu amene sanapunthwepo, iai. Caka cina ife eni tinagula tikiti ya basi yopita kumudzi pa nthawi ya chuthi, ndipo pa tikitipo analemba kuti basi idzanyamuka Loweruka, 12.30 a.m. Tinayang'ana nambala yokha, zilembo sitinazisamale. Tinati mumtima mwathu, 12 koloko ndi masana, nanga cobvuta nciani? Lacisanu usiku tinagona tulo tabwino. Loweruka dzuwa liri pamutu tinafika pa siteshoni titasenza mabulangete, shuga, sopo ndi nsalu ya amai, koma kalaliki anangotiyang'ana, nati basi yathu inapita usiku, ndipo papita maora 12. Ndalama za tikiti sizinabwezedwe, ndipo amene anakatidikira pa mseu kumudzi anabwerera okha. Akulu anati safunsa anadya phula. Cifukwa cace tafuna kuti nkhani ya zilembozi tiifotokoze kuyambira pa muzu pace, kuti phula limene tinadya ife lisadyedwenso ndi wina.

MAU A CILATINI

Ena ayesa kuti zilembozi zaimira mau a Cingerezi, popeza tinaziona poyamba m'makalata a Angerezi. Si tero. Angerezi naonso anacita kubwereka. Mau ace ndi a Cilatini, cinenero ca anthu akale a mzinda wa Roma m'dziko la Italy.

Zilembo za a.m. zaimira mau awiri, ante meridiem. Zilembo za p.m. zaimira post meridiem. Liu lakuti ante linena za cinthu cimene cicitika cinzace cisanafike. Liu lakuti post linena za cinthu cimene cicitika cinzace citapita kale. Tsono liu lakuti meridiem, limene liri ponse pawiri, ndilo mwini nkhani. Licokera ku meridies, ndiko kunena pakati pa usana, nthawi imene ife timati dzuwa liri paliwombo, pamene mthunzi wa munthu ufupika kopambana. Kusintha kwa cilembo cotsiriza, meridies kukhala meridiem, ndi mwambo cabe wa Cilatini, monga ifenso timati mudzi, koma pena kumudzi, pena m'mudzi.

Cotero ante meridiem ndiko kuti dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo post meridiem ndiko kuti dzuwa litapitirira paliwombo. Munthu akagwiritsa mau awa sangasocere kwambiri.

Liu la meridies lomwe linapangidwa ndi mau awiri: medius, ndilo pakati, ndi dies, ndilo tsiku kapena usana. Poyamba ankati medidies, koma lilime la anthu linasanduliza d kukhala r. Mlembi wina wa ku Roma dzina lace Varro, amene anabadwa caka ca 116 Kristu asanabadwe, analemba kuti iye mwini anaona liulo litazokotedwa ndi d pa koloko ya mthunzi m'mudzi wa Praeneste. Tisadabwe nazo, pakuti ngakhale kwathu agogo achula mau ena mosiyana ndi adzukulu ao.

Inu amene mugwira nchito m'mafamu a ku South Africa mwina mwaonapo zilembo zina pa zikalata za Ciafrikaans: vm. ndi nm. Ganizo lace ndi lomwelo. Vm. yaimira voormiddag, masana asanafike; nm. yaimira namiddag, masana atapita.

MLANDU WOTAYIKA CIFUKWA CA DZUWA

Kodi nanga Aroma akalewo anasamaliranji cotero za pakati pa usana? Yankho liri ku bwalo la mirandu.

M'zaka za 451 ndi 450 Kristu asanabadwe, Aroma analemba malamulo ao oyamba, amene achedwa Magome Khumi ndi Awiri. Magome eni ace anatayika kale, koma alembi a pambuyo pace anasunga zidutswa za mau ace. M'zidutswamo muli lamulo la anthu awiri otsutsana. Akalephera kumvana paokha, anayenera kufika pa bwalo ndi kunena mlandu wao dzuwa lisanafike paliwombo. Dzuwa likapendeka, wina wa iwo asanafike, woweruza ankapatsa mlandu kwa iye amene alipo. Onse awiri akakhalapo, mlandu unkapitirira kufikira kulowa kwa dzuwa, osapyola apo.

Taonani tsono kulemera kwa mau awa kuyambira pa ciyambi. Munthu wa ku Roma amene anafika post meridiem, pamene lamulo linati afike ante meridiem, ankataya mlandu wace, ungakhale wa munda kapena wa ngongole, osati cifukwa analakwa, koma cifukwa anacedwa. Papita zaka zoposa 2,400, koma munthu wocedwa ku bwalo, ku cikepe ca mgodi kapena ku siteshoni alira cimodzimodzi lero lomwe.

Popeza pakati pa usana panali polemera cotero, panafunika munthu wonena kuti nthawiyo yakwana. Mlembi wina, Pliny Wamkulu, amene anafa caka ca 79, atiuza m'mene ankacitira. Mthenga wa mkulu wa boma ankaima pa nyumba yosonkhanira akuluakulu a mzinda, nayang'ana kumwamba. Akaona dzuwa lafika pakati pa nsanja yolankhulirapo ndi malo oimirira akazembe a maiko ena, ankapfuula kuti masana akwana. Ndiye anali belu wa mzinda wonse, monga citsulo cimene kapitao aomba pa famu. Koma Pliny anenanso kuti izi zinkatheka pa masiku opanda mitambo okha.

KOLOKO YONAMA ZAKA 99

Pambuyo pace Aroma anapeza koloko ya mthunzi. Imeneyi ndi mwala wolembedwa mizere, wokhala ndi kamtengo kapena kacitsulo koimirira. Dzuwa likamayenda, mthunzi wa kacitsulo uyenda pa mizereyo, nusonyeza ora. M'caka ca 263 Kristu asanabadwe, pa nthawi ya nkhondo, mtsogoleri wao Valerius Messalla anatenga koloko yotere m'mzinda wa Catina, umene lero uchedwa Catania, pa cisumbu ca Sicily, naiimika pa bwalo la ku Roma.

Koma panali bvuto limene iwo sanalisamale. Koloko ya mthunzi ipangidwira malo amodzi okha, pakuti mthunzi sugwa cimodzimodzi m'maiko onse. Catania iri kumwera ndithu kwa Roma, cotero mizere yace sinagwirizane ndi dzuwa la ku Roma. Ngakhale zinali tero, Pliny anena kuti anthu anaitsata zaka 99, kufikira caka ca 164 Kristu asanabadwe, pamene Marcius Philippus anaimika ina yolongosoka pambali pace. Patapita zaka 5, m'caka ca 159, Scipio Nasica anaika koloko ya madzi m'nyumba yofolera. M'menemo madzi ankadontha pang'onopang'ono, ndipo kucuruka kwace kunkasonyeza ora, kungakhale mitambo, ungakhale usiku.

Maora a Aroma sanali monga athu. Iwo ankagawa usana, kuyambira kuturuka kwa dzuwa kufikira kulowa kwace, m'zigawo 12, ndipo kugawa kotere kunaliko kale kwa Aigupto. Popeza ku Roma usana utalika kwambiri m'nyengo yotentha, nufupika m'nyengo yozizira, ora linkakula ndi kucepa: m'nyengo yotentha pafupi mphindi 75, m'nyengo yozizira pafupi mphindi 45. Cinthu cimodzi cokha sicinkasuntha, ndico meridies, pakutha pa ora lacisanu ndi cimodzi, pamene maora 6 apita ndipo 6 atsala. Nciye cifukwa cace tsiku analidula pamenepo.

Kawerengedwe koyambira pa kuturuka kwa dzuwa sikanafe. Inu amene mugwira nchito limodzi ndi abale a ku Tanzania kapena a ku Kenya mudziwa kuti m'Ciswahili saa moja, ndiko kuti ora loyamba, ndi 7 koloko yathu, ndipo saa sita, ora lacisanu ndi cimodzi, ndi 12 koloko. Mukapangana nthawi ndi mbale wotere, yambani mwamvana kuti muli kuwerenga m'njira iti.

Palinso cinthu cina cimene tinalandira kwa Aroma, ndipo tipempha kuti mucisunge, pakuti tidzabwerako. Pa nkhani za malamulo iwo ankawerenga kuti tsiku latsopano liyamba pakati pa usiku, anthu ali m'tulo, osati m'mawa podzuka.

CIFUKWA CACE NAMBALA YOKHA SIKWANIRA

Ufumu wa Roma unatha, koma Cilatini cinakhalabe cinenero ca anthu ophunzira a ku Ulaya zaka mazana ambiri. Oweruza, asing'anga a mankhwala ndi openda nyenyezi ankalemba m'Cilatini, ndipo m'njira imeneyi mau a ante meridiem ndi post meridiem analowa m'makalata a Angerezi, nafupikitsidwa kukhala zilembo ziwiriziwiri.

M'zaka za pakati pa 1300 ndi 1400 makoloko a zitsulo anafalikira pa nsanja za mizinda ya ku Ulaya. Makina sadziwa nyengo yotentha kapena yozizira. Aguguda cimodzimodzi caka conse. Motero maora anayamba kulingana, 24 pa usana ndi usiku pamodzi. Koma nkhope ya koloko imene inafala kopambana iri ndi manambala 12 okha, cotero muvi wace waufupi uzungulira kawiri pa tsiku. Apa ndipo pali muzu wa cisokonezo conse. Nambala iri yonse ibwera kawiri. Pali 5 koloko ya mbanda kuca, pamene a shifiti ya m'mawa ali kubvala majombo. Palinso 5 koloko ya madzulo, pamene a kumunda ali kuweruka. Wochi siinena kuti ndi iti. Zilembo ndizo zinena.

Makolo athu analibe bvuto ili. Iwo ankati tidzanyamuka tambala woyamba, kapena nthanda itaturuka, kapena mbanda kuca, kapena dzuwa litapendeka, kapena ndi cisisira. Mau awa sabwera kawiri pa tsiku, ndipo palibe munthu angasokoneze tambala woyamba ndi cisisira. Mbali imeneyi mau athu aposa a koloko. Kupereweza kwace nkwakuti sangauze sitima mphindi yonyamukira, kapena kuuza cikepe nthawi yotsitsa anthu mazana angapo pansi pa nthaka.

Tsono lamulo lace ndi ili. Kuyambira pakati pa usiku kufikira dzuwa lifike paliwombo, nthawi yonseyo ndi a.m. Kuyambira pamenepo kufikira pakati pa usiku wina, nthawi yonseyo ndi p.m.

Cenjerani pano. Ambiri aganiza kuti a.m. ndi kuwala, p.m. ndi mdima. Si zoona. 2 a.m. ndi usiku wa mdima bii, pamene agalu okha ali maso. 2 p.m. ndi masana dzuwa liri kuswa mtengo. 4.30 a.m. ndi nthawi ya atambala, 4.30 p.m. ndi nthawi imene ana abwera kucokera ku sukulu. 10 a.m. ndi m'mawa dzuwa litakwera; 10 p.m. ndi usiku, nthawi imene pa migodi yambiri a shifiti ya usiku ali kulowa. Zilembo sizifunsa ngati kuli kuwala kapena mdima. Zifunsa funso limodzi lokha: kodi masana a tsiku limeneli afika kale, kapena sanafike?

MSAMPHA WA 12 KOLOKO

Pali malo awiri pamene zilembozi zitsimphina, ndipo onse awiri ali pa nambala ya 12.

Ganizani bwino. 12 koloko ya masana ndiyo meridies mwini wace. Siiri patsogolo pa masana, siirinso pambuyo pace. Munthu amene waima pakati peni peni pa mlatho sali tsidya lino, salinso tsidya lija. Kunena molunjika, 12 ya masana si a.m. ndipo si p.m. Nciye cifukwa cace makalata ena akale ankalemba 12 m., cilembo cimodzi coimira meridies. 12 koloko ya pakati pa usiku nayonso iri pakati: papita maora 12 cicokere masana ena, ndipo patsala maora 12 kuti masana ena afike.

Koma opanga mafoni ndi mawochi a manambala anayenera kusankha, ndipo mwambo umene wafala lero ndi uwu: 12 p.m. ndi masana, 12 a.m. ndi pakati pa usiku. Nzeru yace njakuti mphindi imodzi ikangopita pa 12 ya masana, tiri kale pambuyo pa masana, cotero 12.01 kufikira 12.59 ya masana ndi p.m. mosakaika. Momwemonso mphindi imodzi ikapita pa 12 ya usiku, tsiku latsopano layamba, ndipo masana ace sanafike, cotero 12.01 kufikira 12.59 ya usiku ndi a.m.

Apa ndipo tinagwa ife. Loweruka, 12.30 a.m. ndi mphindi 30 zokha cicokere pakati pa usiku wa Lacisanu. Kwa munthu wa kumudzi, amene tsiku lace liyamba podzuka, nthawi imeneyo ikadali usiku wa Lacisanu. Kwa kalaliki, amene atsata mwambo wa Aroma uja tinati musunge, liri kale Loweruka. Munthu wa tikiti yotere ayenera kukhala pa siteshoni Lacisanu usiku, asanagone konse.

Musacite manyazi kuti zimenezi zikusokonezani, pakuti zisokoneza ndi akatswiri omwe. Bungwe losunga miyeso ndi nthawi la boma la United States, lochedwa National Institute of Standards and Technology, lilangiza kuti anthu aleke kulemba 12 a.m. ndi 12 p.m., koma alembe mau akuti masana kapena pakati pa usiku. Ndipo ngakhale mau akuti pakati pa usiku Lacisanu abvuta, pakuti wina amva usiku woyamba nao Lacisanu, wina amva usiku wotsiriza nao. Cifukwa cace olemba mapangano ocenjera alemba 11.59 p.m. kapena 12.01 a.m., kuti pasakhale mkangano wa tsiku. Mukaona nthawi yotere pa cikalata conena za kutha kwa cilolezo canu kapena kwa pangano la nchito, dziwani kuti mphindi imodziyo anaiikapo dala.

MUNTHU AMENE SITIMA INAMSIYA

Tingatonthozedwe podziwa kuti tsoka lotere linagweranso munthu wochuka. Sandford Fleming, wobadwira ku Scotland m'caka ca 1827, anali mmisiri wamkulu wa njanji m'dziko la Canada. M'caka ca 1876 anali pa ulendo ku Ireland, ndipo sitima inamsiya, cifukwa m'buku la nthawi za sitima osindikiza anaika p.m. pamene panayenera a.m. Cilembo cimodzi cokha cinalakwika, ndipo munthu wodziwa za njanji koposa anzace ambiri anatsala pa siteshoni.

Fleming sanangodandaula. Anayamba kulemba ndi kulankhula m'misonkhano kuti maora awerengedwe kuyambira pakati pa usiku kufikira 24, osabwereza nambala, ndiponso kuti maiko onse amvane pa kawerengedwe ka nthawi. Njanji ya Canadian Pacific inayamba kugwiritsa nchito maora 24 m'caka ca 1886, dziko la Italy m'caka ca 1893, ndipo gulu la nkhondo la Britain m'caka ca 1918.

M'maiko athu ano kawerengedwe kameneka nkodziwika. Ku Zambia anthu anena 14 kapena 18 koloko pokamba wamba. Ku Mozambique, potsata Cipwitikizi, ndiponso m'zikalata zambiri za ku South Africa, alemba 14h30. Njira yace njapafupi. Nthawi ya a.m. ikhala monga iri: 5 a.m. ndi 05.00, ndipo 11 a.m. ndi 11.00. Pa nthawi ya p.m. muonjeza 12: 1 p.m. ndi 13.00, 5 p.m. ndi 17.00, 10 p.m. ndi 22.00. Mukaona nambala yoyambira 13 kupita m'tsogolo, cotsani 12, ndipo cotsalaco ndi p.m. Pa 12 pokha ndi posiyana: 12.30 ya masana ikhala 12.30, koma 12.30 ya usiku ilembedwa 00.30. Tikiti yathu ija ikadalembedwa 00.30, tikadaima ndi kufunsa, ndipo tikadafika kumudzi pa tsiku lace.

MASANA A DZUWA NDI MASANA A KOLOKO

Wina wa inu amene ayang'anitsitsa zinthu adzati, Mwanena kuti 12 koloko ndi pamene mthunzi ufupika kopambana. Nanga bwanji ine ndaona mthunzi wafupika wochi yanga isanakwane 12? Funso limeneli nlabwino, ndipo yankho lace liri m'liu lomwe lija la meridies.

Dziko lizungulira kamodzi pa maora 24, ndipo dzuwa lifika paliwombo kum'mawa lisanafike kumadzulo. Pa mapu pali mizere yocokera kumpoto kupita kumwera, ndipo ichedwa mameridiani, cifukwa malo onse a pa mzere umodzi aona masana nthawi imodzi. Kuzungulira dziko lonse kuli madigiri 360. Pa ora limodzi dziko litembenuka madigiri 15, ndiko kuti digiri imodzi pa mphindi 4.

Kale mzinda uli wonse unkachera koloko yace pa dzuwa lace. Njanji zitabwera, izi zinabala cisokonezo. M'mwezi wa October 1884 nthumwi za maiko 25 zinakumana ku Washington, Fleming ali mmodzi wa iwo, ndipo zinasankha mzere wopita pa Greenwich, ku London, kuti ukhale poyambira kuwerenga. Lero Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa onse asunga nthawi imodzi, yotsogola maora 2 pa nthawi ya Greenwich, ndiyo nthawi ya mzere wa madigiri 30 kum'mawa. Ku South Africa nthawi imeneyi inakhazikika m'caka ca 1903.

Koma si mizinda yonse iri pa mzerewo. Blantyre iri pa madigiri 35, cotero kumeneko dzuwa lifika pamwamba pa ulendo wace koloko iri ca m'ma 11.40 a.m. Johannesburg iri pa madigiri 28, ndipo kumeneko lifika patapita mphindi ngati 8 pa 12. Ku Cape Town licedwa ngati mphindi 45. Pamwamba pa izi, nyengo za caka zisuntha masana a dzuwa, pena kutsogolo, pena kumbuyo, kufikira ngati mphindi 15. Motero a.m. ndi p.m. za masiku ano sizitsata dzuwa limene muliona pamutu panu monga ankacitira mthenga wa ku Roma. Zitsata koloko imene maiko anapangana. Wa ku munda angayang'ane mthunzi kuti adziwe nthawi ya nsima, koma basi ndi cikepe zitsata koloko. Ndipo mukaoloka mtsinje wa Songwe kulowa m'Tanzania, tsogozani wochi yanu ora limodzi, pakuti kumeneko atsogola maora 3 pa Greenwich.

MAU OTSIRIZA

Tsono, abale, tisiyane ndi malangizo owerengeka.

Mukalandira tikiti, kalata ya ku bwalo, kapena tsiku lokaonana ndi dokotala, musacoke pa zenera musanawerenge zilembo zotsata nambala. Mukaona 12, imani, nimufunse kalaliki m'mau omveka: Kodi ndi masana kapena ndi usiku, ndipo ndifike pano tsiku liti, ndisanagone kapena nditadzuka? Kalaliki alipidwa kuti ayankhe, ndipo kufunsa ndiko kudziwa njira.

Pochera belu wa pa foni kuti akudzutseni, yang'anani kawiri ngati mwaika a.m. Belu wochera 4.30 p.m. adzalira mokhulupirika ndithu, koma adzalira anzanu atatsika kale pansi ndi kuturukamo. Mafoni ambiri alola kusankha maora 24, ndipo ife tiyesa kuti ndiyo njira yabwino kwa munthu wa mashifiti.

Polembera a kumudzi za tsiku lofika, musalembe zilembo zokha. Onjezani mau athu: 5 koloko mbanda kuca, 1 koloko masana, 7 koloko madzulo ndi cisisira. Amai ndi agogo sanaphunzire Cilatini, koma nthawi ya atambala aidziwa bwino koposa ife.

Ndipo inu amene mudziwa kuwerenga, awerengereni anzanu a m'komboni nkhani iyi madzulo ano mutaweruka. Mwina pali wina amene ali ndi tikiti m'thumba, ndipo ali kuyembekeza kunyamuka masana pamene basi yace idzapita usiku.

Tsalani bwino, abale, mpaka tidzakambenso.